Kufanana si Chibale: Nkhani ya Roridula, Chitsamba Chogwira Ntchentche

Phunziro lathu la lero likunena za chitsamba china chimene chimamera kutali, m'dziko la South Africa. Dzina lake ndi Roridula. Tiyeni tiliwerenge pang'onopang'ono: Ro-ri-du-la. Chitsambachi chimagwira ntchentche ndi masamba ake.

Kwa zaka zochuluka anthu ophunzira za zomera anali kutsutsana pa mafunso awiri. Loyamba: kodi chitsambachi ndi cha banja liti? Lachiwiri: kodi chimadyadi tizilombo timene chimagwira? Mayankho ake akutiphunzitsa chinthu chimene mlimi aliyense ayenera kuchidziwa. Zomera ziwiri zikafanana maonekedwe, sindiye kuti ndi zapachibale.

1. Zomera nazo zili ndi mafuko

Mlendo akafika m'mudzi, akuluakulu samufunsa dzina lokha. Amafunsanso kuti, "Ndinu a kwa yani? Mfunda wanu ndani?" Akayankha kuti ndi Phiri kapena Banda, anthu amadziwa pomuika. Amadziwa amene angamutche mlongo ndi amene angamutche msuweni.

Akatswiri a zomera amachita chimodzimodzi. Chomera chilichonse amachiika m'magulu, kuyambira laling'ono kufikira lalikulu. M'phunziro lino magulu anayi tiwatcha motere.

Gulu laling'ono ndi mtundu. Khobwe ndi mtundu umodzi. Nzama ndi mtundu wina.

Mitundu yoyandikana kwambiri imapanga mbumba. Khobwe ndi nzama zili m'mbumba imodzi yotchedwa Vigna.

Mbumba zingapo zimapanga banja. Khobwe, nzama, nyemba, nandolo ndi mtedza zonse ndi za banja limodzi. Ngakhale mtengo wa msangu uli m'banja lomwelo. Taonani makoko a mbewu zake, mudzavomereza.

Mabanja angapo amapanga fuko.

Amene anakhazikitsa njira yopatsa chomera maina awiri ndi Carl Linnaeus, wa ku Sweden, m'chaka cha 1753. Dzina loyamba ndi la mbumba, lachiwiri ndi la mtundu. Maina amenewa amalembedwa m'Chilatini kuti anthu a zilankhulo zonse azimvana akamanena za chomera chimodzi.

2. Kwawo kwa Roridula

Mbumba zina n'zazikulu, za mitundu mazanamazana. Mbumba ya Roridula ndi yaing'ono. Ili ndi mitundu 2 yokha, ndipo yonse imamera m'mapiri a kumwera cha kumadzulo kwa South Africa, m'chigawo cha Western Cape, kumene kuli mzinda wa Cape Town. Kwina kulikonse simungaipeze ikumera yokha m'tchire.

Mtundu woyamba ndi Roridula dentata. Dzinali analilemba Linnaeus m'chaka cha 1764. Chitsamba chake chimatalika mpaka mamita 2, kuposa munthu. M'mbali mwa masamba ake muli timano titalititali. Chimamera kumpoto kwa Cape Town, monga m'mapiri a Cederberg.

Mtundu wachiwiri ndi Roridula gorgonias. Unapatsidwa dzina ndi Jules Émile Planchon, wa ku France, m'chaka cha 1848. Ichi n'chachifupi, cha mita imodzi kapena kucheperapo. Masamba ake alibe timano. Chimakonda malo a chinyontho m'mapiri a kum'mawa kwa Cape Town.

Nyengo ya kumeneko ndi yosiyana ndi yathu. Mvula imagwa m'miyezi yozizira, pamene kuno tili m'chilimwe chokolola ndi kupuntha. Dothi lake ndi la mchenga, losauka kwambiri. Mulibe chakudya chokwanira, makamaka nayitrojeni, chakudya chija chimene chimabiriwitsa chimanga tikathira feteleza kapena manyowa.

Moto nawo uli ndi gawo lake. Tchire likapsa, zitsamba zazikulu za Roridula zimafa. Koma mbewu zake zimatsala m'nthaka, ndipo zimamera mvula ikagwa pa lupsa.

3. Msampha wa ulimbo

Masamba a Roridula ndi aatali, opyapyala, ndipo amakhala mothithikana kunsonga kwa nthambi. Tsamba lililonse lili ndi ubweya wambiri, wina wautali, wina waufupi. Kunsonga kwa ubweya uliwonse kuli kadontho konyezimira ngati mame a m'mawa. Dzina loti Roridula likuchokera ku liwu la Chilatini lotanthauza chinthu cha mame.

Koma si mame ayi. Ndi utomoni womata kwambiri. Amene munatcherapo mbalame ndi ulimbo mukudziwa mmene umagwirira. Ntchentche ikatera pa ubweya wautali, mwendo umakanirira. Ikamaphiriphitha kuti ithawe, imagunda ubweya wina. Potsiriza mapiko ndi thupi lonse zimamatirira, ndipo imafera pomwepo. Ngakhale mavu ndi njuchi zimakodwa.

Anthu olankhula Chiafrikaans amachitcha vlieëbos, ndiye kuti chitsamba cha ntchentche. Kale ena anali kuthyola nthambi zake ndi kuzipachika m'nyumba kuti zizigwira ntchentche.

4. Banja loyamba limene anachipatsa

Pali chomera china chotchedwa Drosera. Mbumba yake ndi yaikulu, ya mitundu pafupifupi 200, ndipo ina imamera m'madambo a kuno ku Mozambique, ku Malawi ndi ku Zambia. Ndi kachomera kakang'ono, kofiirira, ka masamba a ubweya wonyezimira. Nako kamagwira tizilombo. Kakagwira, ubweya wake umapindika pang'onopang'ono kufungatira kachilomboko. Kenaka tsamba limatulutsa madzi osungunula nyama, monga amene ali m'mimba mwathu, ndipo limamwa msuziwo.

Akatswiri ataona Roridula anati, "Ubweya womwewo, timadontho tomweto, ntchentche zakufa pamasamba. Ameneyu ndi mbale wa Drosera." Tsono m'zaka za m'ma 1800 mabuku ambiri anaika Roridula m'banja la Drosera, lotchedwa Droseraceae.

Charles Darwin, wa ku England, analemba buku lonena za zomera zodya tizilombo m'chaka cha 1875. Nayenso anawerengera Roridula m'banja lomwelo. Koma Darwin anali ndi masamba ouma okha. Chitsamba chamoyo, chili pamalo pake m'mapiri, sanachiyese.

5. Therere ndi ulimbo n'zosiyana

Rudolf Marloth anabadwira ku Germany koma anakhala ku Cape Town. Anali katswiri wa zomera komanso wa mankhwala. Iye anakwera m'mapirimo kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 nakaona chitsambacho chili chamoyo. Anapeza zinthu zimene sizioneka pa tsamba louma.

Choyamba, ubweya wa Roridula suyenda. Ntchentche ikakodwa, ubweya supindika monga uchitira wa Drosera.

Chachiwiri, timadontho take si tofanana ndi ta Drosera. Ta Drosera tili ngati therere: n'tonanda, koma n'tamadzi, ndipo timatsukika. Ta Roridula tili ngati ulimbo: mvula sititsuka, dzuwa silitiumitsa msanga.

Kusiyana kumeneku n'kwakukulu. Madzi osungunula nyama amagwira ntchito m'chinthu chamadzi, monga therere lija. Mu utomoni sangathe. Tsono utomoni wa Roridula umagwira ntchentche koma suigaya. M'chaka cha 1934 katswiri wina, Francis Lloyd, anaonanso nkhaniyi nagamula kuti Roridula sichidya tizilombo. Anthu ambiri anavomereza. Roridula anachichotsa m'banja la Drosera, anachichotsanso m'gulu la zomera zodya tizilombo.

Komabe funso linatsala. Mlenje wotani amene amatchera misampha tsiku ndi tsiku koma nyama yake osadya?

6. Banja lachiwiri

Ku Australia ndi ku New Guinea kuli chomera china chotchedwa Byblis. Nacho chili ndi masamba aatali, opyapyala, a ubweya womata wosayenda. Maluwa ake ali ndi timasamba 5, ofiirira modera, ofananako ndi a Roridula.

Akatswiri ena anati, "Si uyu mbale wake weniweni!" Tsono anaika Roridula ndi Byblis m'banja limodzi lotchedwa Byblidaceae. Ngakhale m'chaka cha 1981, Arthur Cronquist wa ku America, amene buku lake linali kutsatidwa m'masukulu ambiri, anaziika pamodzi. Ena anakana nati Roridula chikhale ndi banja lakelake. Aliyense anali kuweruza ndi zimene maso ake anaona.

7. Umboni wa m'kati

Akuluakulu amati chibale ndi fupa, sichiola. Fupa silioneka kunja. Lili m'kati.

M'thupi la chamoyo chilichonse muli chinthu chaching'ono kwambiri chotchedwa DNA. Tingachiyerekeze ndi kalata yaitali imene mwana amalandira kwa makolo ake. Kalatayi imalembedwa ndi zilembo 4 zokha, zobwerezedwa kambirimbiri. Pa mbadwo uliwonse imakopedwa, ndipo nthawi zina chilembo chimodzi chimasintha. Zamoyo zimene zinasiyana posachedwa, makalata awo amafanana kwambiri. Zimene zinasiyana kalekale, makalata awo amasiyana m'malo ambiri.

Akatswiri ataphunzira kuwerenga kalata imeneyi, anayamba kufananiza zomera. M'chaka cha 1992 Victor Albert, Stephen Williams ndi Mark Chase anafalitsa zimene anapeza pa zomera zodya tizilombo. Kufufuza kwina kotsatira kunatsimikiza zomwezo. Zinaoneka kuti Drosera, Byblis ndi Roridula si za banja limodzi. Sizili ngakhale m'fuko limodzi.

Drosera chili m'fuko la Caryophyllales. M'fuko limeneli mulinso bonongwe, ndiwo yathu ija.

Byblis chili m'fuko la Lamiales. M'menemo mulinso chitowe.

Roridula chili m'fuko la Ericales. M'fuko limeneli muli tiyi, amene amalimidwa ku Gurué kuno kwathu ndi ku Mulanje ku Malawi.

Tamvetsani bwino. Drosera chayandikana ndi bonongwe kuposa mmene chayandikirana ndi Roridula. Roridula chayandikana ndi tiyi kuposa mmene chayandikirana ndi Byblis. Ndani akanaganiza zotere poona masamba okha?

Lero Roridula chili ndi banja lakelake lotchedwa Roridulaceae. Banjali lili ndi mbumba imodzi, ndipo mbumbayo ili ndi mitundu 2. Mabanja oyandikana nalo kwambiri ndi awiri. Lina ndi la chipatso chotchedwa kiwi. Lina ndi la Sarraceniaceae, zomera za ku America zimene masamba ake ali ngati timitsuko, ndipo tizilombo timagweramo.

Zizindikiro zina zinalipo kale kwa munthu woyang'ana modekha. Mungu wa Drosera umatuluka timbewu tinayitinayi togwirana. Wa Roridula umatuluka kamodzikamodzi. Chibale cha zomera chimaoneka bwino m'maluwa ndi m'mbewu kuposa m'masamba.

Banjali n'lakale. Kumapeto kwa chaka cha 2014 akatswiri anaulula kuti apeza timasamba tiwiri ta banja la Roridula m'kati mwa utomoni wa mtengo umene unauma n'kukhala ngati mwala. Mwalawo unakumbidwa pafupi ndi Kaliningrad, ku Russia, ndipo uli ndi zaka zoposa 35 miliyoni. Ndiye kuti kalekale banjali linafika mpaka ku Ulaya. Mitundu 2 ya ku Cape ndiyo yotsala.

8. Mlendo wokhala pamasamba

Tibwerere ku funso la mlenje wosadya nyama yake.

Pa chitsamba cha Roridula pamakhala kachilombo kotchedwa Pameridea. Ndi kachibale ka nunkhadala ndi nsikidzi, ka mlomo wonga singano. Mitundu yake ndi 2, monganso chitsambacho. Pameridea roridulae kamakhala pa Roridula gorgonias. Pameridea marlothi, kamene kanatenga dzina la Marloth uja, kamakhala pa Roridula dentata. Tizilomboti sitikhala pa chomera china chilichonse.

Chodabwitsa n'chakuti kachilomboka kamathamanga pa ulimbo osakodwa. Thupi lake lili ndi mafuta oterera, tsono utomoni sukagwira. Ntchentche ikangokodwa, a Pameridea amathamangirako, amaibaya ndi milomo yawo ndi kuyamwa za m'kati. Poyamba anthu ankayesa kuti kachilomboka ndi mbala yakuba chakudya cha chitsamba.

M'chaka cha 1996 Allan Ellis ndi Jeremy Midgley, a pa yunivesite ya Cape Town, anafalitsa zotsatira za kuyesa kwawo. Anaweta ntchentche zazing'ono ndi chakudya chokhala ndi nayitrojeni wa chizindikiro, amene makina amatha kumuzindikira kulikonse kumene wapita. Zili ngati kusindikiza ng'ombe kuti uidziwe ikalowa m'khola la wina. Ntchentchezo anaziika pamasamba a Roridula. Zitsamba zina zinali ndi a Pameridea, zina anazichotsera. Patapita masiku anayeza masamba. Zitsamba zokhala ndi a Pameridea zinali ndi nayitrojeni wa chizindikiro uja wochuluka kuposa zopanda tizilomboto.

Nayitrojeniyo anadzera kuti? Kachilombo kakadya ntchentche, kamasiya zitosi pa tsamba. Khungu la tsamba la Roridula lili ndi timipata tosaoneka ndi maso, ndipo limamwa zitosizo. Kufufuza kwa Bruce Anderson ndi Midgley kunaonetsa kuti chitsamba chingapeze mpaka magawo 7 mwa magawo 10 a nayitrojeni wake m'njira imeneyi.

Alimi, nkhani iyi si yachilendo kwa inu. Mapesi a chimanga simungawadye, ndipo mukawasiya okha amachedwa kuola. Koma mukapatsa ng'ombe, imadya ndi kukupatsani ndowe, ndipo ndowezo zimabwerera kumunda. Roridula chimasaka, Pameridea kamagaya, zitosi zimadyetsa chitsamba. Chitsamba chilibe mimba, tsono chinabwereka mimba ya kachilombo.

Chifukwa cha ichi, akatswiri ambiri lero anabwezera Roridula m'gulu la zomera zodya tizilombo. Ena amati chili pakati, popeza sichigaya chokha. Koma onse amavomereza kuti ntchentche zimene chimagwira sizipita pachabe.

9. N'chifukwa chiyani zimafanana?

Ngati Drosera, Byblis ndi Roridula si zapachibale, zinafanana bwanji?

Taganizani za msodzi wa ku nyanja ya Niassa ndi msodzi wa ku mtsinje wa Zambezi. Sadziwana. Mafuko awo ndi osiyana. Koma onse awiri amaluka mono, ndipo mono zawo zimafanana, pakuti ntchito yake ndi imodzi: nsomba ilowe, isatuluke.

Zomera zitatuzi zonse zimamera pa dothi losowa nayitrojeni, pamalo a dzuwa lambiri. Pa malo otere, chomera chimene masamba ake anali omata pang'ono n'kupezako chakudya ku tizilombo chinakula bwino kuposa zinzake ndi kubereka mbewu zambiri. Ana ake anatengera. Zinapitirira motero mibadwo yosawerengeka. Izi zinachitika padera m'fuko la bonongwe, padera m'fuko la chitowe, padera m'fuko la tiyi. Vuto limodzi linabala misampha yofanana m'mafuko osiyana.

10. Phindu lake kwa ife

Wina angafunse kuti, "Nanga ine mlimi, banja la chitsamba cha ku Cape lindithandiza chiyani?"

Choyamba, dzina loona limateteza chomera. Roridula akanachisiya m'banja la Drosera, chikanaoneka ngati chimodzi mwa zambiri. Tsopano tikudziwa kuti mitundu 2 imeneyi ikatha, banja lonse latha. Tikudziwanso kuti wofuna kusunga chitsambachi ayenera kusunga kachilombo kake. Ndipo moto ukamabwera pafupipafupi, zitsamba zisanabereke mbewu, malowo amatsala opanda kanthu.

Chachiwiri, phunziro lomweli lili m'minda mwathu. Mbatata ya kachewere ndi mbatata ya kholowa zonse timazitcha mbatata. Zonse zimabereka pansi. Koma mabanja ake ndi osiyana. Mbale weniweni wa kachewere ndi matimati, mabiringanya, tsabola ndi fodya. Yang'anani maluwa a kachewere ndi a matimati, muona okha. Zomera za banja limodzi zimagwidwa ndi matenda ambiri ofanana, ndipo ena amatsalira m'nthaka. Mlimi wochotsa fodya n'kubzalapo matimati kapena kachewere amayesa kuti wasintha mbewu, koma matenda amapeza chakudya chomwe chija. Kasinthasintha weniweni ndi kusintha banja: pamene panali fodya pabwere chimanga, pamene panali chimanga pabwere mtedza kapena nyemba.

Chachitatu, taonani mmene nzeru imakulira. Linnaeus anapereka dzina. Darwin anayang'ana masamba ouma. Marloth anakwera phiri. Ellis ndi Midgley anayesa ndi ntchentche. Aliyense analemba zimene anaona, ndipo wobwera pambuyo anawerenga, nakonza polakwika. Popanda kulemba ndi kuwerenga, aliyense akanayambira pachiyambi. Inunso mukudziwa zambiri za mitengo, ndiwo za m'tchire ndi nthaka ya kwanu. Mukazilemba, adzukulu anu adzayambira pamene inu mwalekezera.

Mawu oti tiwalembe m'makope

Mtundu. Mbumba. Banja. Fuko. Utomoni. Ulimbo. Mungu. Nayitrojeni. Zitosi. Kasinthasintha.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi mbumba ya Roridula ili ndi mitundu ingati, ndipo imamera kuti?

2. Tchulani kusiyana kuwiri pakati pa Roridula ndi Drosera.

3. Fotokozani njira imene chakudya chimadzera kuchoka m'ntchentche kufika m'tsamba la Roridula.

4. Ndi chomera chiti chimene timachidziwa chili m'fuko limodzi ndi Roridula?

5. Werengerani: kuchokera mu 1764 kufika mu 1996 panapita zaka zingati?

6. Tchulani mbewu zitatu za banja limodzi ndi fodya. N'chifukwa chiyani sitiyenera kuzitsatiza pa munda umodzi?

Ntchito ya kunyumba

Thyolani maluwa a mbewu zisanu za m'munda kapena m'dimba mwanu. Bwerani nawo ku phunziro lotsatira. Tidzawerenga timasamba ta duwa lililonse, tidzawaika m'magulu, ndipo aliyense adzalemba dzina la mbewu pansi pa gulu lake.